Viza ya mlendo ya ku UK kwa mayi akunyumba oyembekezera: ndiyambire pati?

Aphiri a ku Leeds

Abale ndi alongo, moni nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Ine ndili ndi unzika wa UK, ndinachita kufunsira nditakhala kuno zaka zingapo. Mayi akunyumba si nzika ya kuno, akadali kwawo, ndipo ukwati wathu ndi wolembetsa ku boma, satifiketi ilipo. Panopa ndi oyembekezera, mimba ili pa masabata 14, ndipo ameneyu ndi mwana wathu woyamba. Mtima wanga ukufuna abwere kuno tidikire limodzi mpaka achire. Viza ya banja ndikuiona ili patali chifukwa ntchito imene ndikugwirayi ndaiyamba miyezi itatu yapitayo. Ndiye ndimaganiza zowafunsira viza ya mlendo, ya miyezi 6 ija. Kodi munthu woyembekezera amamupatsa? Nanga za mimbayo tinene kapena tikhale chete? Amene mukudziwa ndithandizeni chonde.

Kondwani

Achimwene musadzivutitse. Pa masabata 14 mimba sionekera. Lembani kuti alamu akubwera kudzacheza masabata atatu basi. Akalowa alowa, ndipo matenda akayamba palibe chipatala chimene chingawabweze pakhomo. Ambiri anadutsa njira yomweyi.

Nangozo

A Kondwani, pepani, koma malangizo amenewa akhoza kugwetsa banjali m'mavuto a zaka zambiri. Aphiri, mvetserani bwino.

Mimba payokha si chifukwa chokanira munthu viza. Palibe lamulo la UK lonena kuti mayi woyembekezera asalowe ngati mlendo. Chimene ofisala amayang'ana chinalembedwa mu gawo la malamulo lotchedwa Appendix V: kodi munthuyu ndi mlendo weniweni? Adzabwerera kwawo ulendo ukatha? Ali ndi ndalama zokwanira ulendo wonse osadalira thandizo la boma? Zimene walemba kuti akudzachita ndi zimenedi akudzachita? Ndiye mukalemba masabata atatu pamene mumtima mukudziwa kuti ndi miyezi 6 ndi kuchirira konkuno, mwanama pa funso lalikulu la fomu yonseyo. Bodza likagwidwa sikungokanidwa kokha ayi. Munthu wopezeka ndi chinyengo pa fomu ya viza akhoza kuletsedwa kulowa mpaka zaka 10. Taganizani: mwana akukula, bambo ali ku Leeds, mayi ali ndi mbiri yoipa pa mapepala awo chifukwa cha mzere umodzi wa pa fomu.

Komanso viza m'manja si kulowa. A Border Force, oyang'anira olowa m'dziko pa bwalo la ndege, ali ndi mphamvu yofunsa mafunso, ndipo akaona kuti cholinga cha ulendo n'chosiyana ndi chimene chinalembedwa akhoza kuifafaniza pomwepo. Mayi wapakati, wotopa ndi ulendo wa usiku wonse, kumuika poti aziyankha zabodza ali yekha, ine ndiye ayi.

Kondwani

Ndamva amayi, koma chipatala sichingawakane, pamenepo ndikunena zoona.

Mzamba wa ku Midlands

Zoona theka, achimwene. Ine ndimagwira ntchito ya uzamba kuno ku England, ndiye ndifotokoze mmene zimakhalira.

Chithandizo chonse cha uchembere, kuyambira sikelo, kuchira, mpaka masiku otsatira, chimawerengedwa kuti n'chofunika nthawi yomweyo. Sitimubweza mayi, sitimuchedwetsa, sitimuuza kuti alipire kaye. Mpaka apa a Kondwani akunena zoona. Koma kusabwezedwa sikutanthauza ulere. Amene walowa ngati mlendo si wokhala kuno, ndiye bilu imabwera, ndipo ku England mlendo amalipitsidwa 150 peresenti ya mtengo umene NHS, bungwe la zipatala za boma kuno, imawerengera chithandizocho. Kuchira kopanda vuto kokha kumafika mapaundi masauzande angapo. Pakakhala opaleshoni, kapena mayi agonekedwa masiku ambiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, bilu imakwera kwambiri.

Anthu ambiri amaganiza kuti poti bambo ndi nzika ndipo amadula msonkho, mayi nawo aphimbika. Ku England sizili choncho. Amayang'ana wodwalayo, osati mwamuna wake. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo, koma inu Aphiri muli ku Leeds, ndiye anu ndi a England.

Ndipo pali china chimene chimandiwawa ndikamaona amayi akulira ndi makalata m'manja. Ngongole ya NHS ya £500 kapena kuposa, ikatha miyezi iwiri osalipidwa komanso popanda mgwirizano wolipira pang'onopang'ono, imakanenedwa ku Home Office, unduna woona za maviza, ndipo ikhoza kukhala chifukwa chokanira viza ya mtsogolo. Viza ya mtsogoloyo ndi iti? Ya banja yomwe mukuifunayo.

Aphiri a ku Leeds

Amayi azamba, zimenezi sindimazidziwa. Ine ndimaopanso kuti mwana akabadwira kunja ndiye kuti sakhala nzika ya kuno, ndidzayamba kumufunsira viza nayenso. N'chifukwa chake ndinalimbikira zoti achirire kuno.

Ankolo Jere

Mphwanga, pamenepo khazika mtima pansi, chifukwa mantha amenewo alibe maziko malinga ndi mmene wafotokozera. Kuyambira pa 1 January 1983, pamene lamulo la British Nationality Act 1981 linayamba kugwira ntchito, kubadwira pa nthaka ya UK pakokha sikupatsa mwana unzika. Chimene chimawerengedwa ndi kholo. Iwe wati unzika unachita kufunsira uli konkuno. Munthu wotero mwana wake ngakhale abadwire kunja amakhala nzika ya UK kuyambira tsiku lobadwa, kudzera mwa bambo. Sufunsira viza, umafunsira pasipoti. Udzafunika satifiketi ya kubadwa ya mwana yokhala ndi maina a makolo onse, satifiketi yako ya unzika, ya ukwati, ndi mapasipoti anu. Pasipoti yoyamba yofunsira kunja imatenga nthawi ndipo amakonda kufunsa umboni wowonjezera, ndiye makadi a sikelo, zithunzi za sikani ndi mapepala a kuchipatala musataye ngakhale limodzi.

Kusiyana kulipo kumodzi. Mwana wobadwira kunja unzika wake ndi wotengera kwa kholo, ndiye iyeyo akadzaberekanso kunja, ana ake sadzautenga mwachindunji. Ndi nkhani ya zidzukulu, ya zaka makumi awiri kapena atatu kutsogoloku, ndipo ili ndi njira zake. Sindikuona kuti ndi chifukwa chokwanira kuika mkazi wako pa chiswe lero.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi chilolezo chokhazikika chokha, ILR ija, osati unzika, nkhani yanu ndi yosiyana. Wanu akabadwira kuno ndi nzika, akabadwira kunja si nzika. Musatenge yankho la Aphiri kukhala lanu.

Mayi a Tadala

Ine ndilankhuleko ngati mkazi amene anakhalapo mbali inayo. Bambo a Tadala ali kuno, ine ndili kwathu ndi mimba. Tinafunsira viza ya mlendo ndipo anandikana. Kalata yake inanena kuti sanakhutire zoti ndidzabwerera, poti mwamuna wanga ali ku UK ndipo ine sindinaonetse chondikokera kwathu. Ndinalira kwambiri. Koma lero ndikaiwerenga ndimaona kuti funso lawo linali lomveka: mkazi wa nzika, woyembekezera, wosagwira ntchito, abwerera chifukwa chiyani?

Aphiri, dziwani kuti ukwati wanuwo, umene mukuuona ngati umboni wamphamvu, pa viza ya mlendo umagwira mbali ziwiri. Umasonyeza kuti ali ndi wowalandira, komanso umasonyeza kuti ali ndi chifukwa chachikulu chosabwerera. Ndiye mafomu a akazi a anthu amayang'anidwa ndi diso lakuthwa kuposa a munthu wongodzaona malo. Ndipo mukakanidwa viza ya mlendo, kawirikawiri palibe apilo. Mumangoyambiranso, kulipiranso, ndipo pa fomu iliyonse ya mtsogolo mudzayenera kunena kuti munakanidwapo.

Koma ndili ndi funso lina limene palibe walifunsa. Alamu athuwo akuti chiyani? Inu mwati mtima wanu ukufuna abwere. Nanga wawo? Mimba yoyamba munthu umafuna mwamuna wako, inde, koma umafunanso amayi ako, azakhali, munthu amene anaberekapo. Kuno inu mudzakhala ku ntchito, ndipo tchuthi cha abambo cha lamulo sichipitirira masabata awiri. Akatha amenewo adzatsala okha m'nyumba ndi khanda, m'dziko limene sakulidziwa, viza ikuwerenga masiku. Afunseni bwinobwino, ndipo muwapatse mpata woyankha zimene inu simukufuna kumva.

Nangozo

Mayi a Tadala mwagunda penipeni. Ndionjezere chimodzi pa za masiku a viza. Munthu amene walowa ngati mlendo saloledwa kusinthira ku viza ya banja ali mkati mwa UK. Ayenera kutuluka akafunsire kwawo. Ndiye ngakhale zonse zitayenda mmene a Kondwani akunenera, mapeto ake mayi adzakwera ndege ndi khanda la masabata ochepa kubwerera, kenako kukafunsira viza ya banja ali ndi bilu ya chipatala kumsana ndiponso mbiri yoti ananena masabata atatu n'kukhala miyezi 6. Ofisala wa viza ya banjayo adzaona zonsezo.

Nabanda wa ku Texas

Moni a ku UK. Ndimangowerenga koma ndati ndinene kuti si kwanu kokha. Kuno ku America, kuyambira pa 24 January 2020, lamulo la viza ya mlendo ya B linasintha. Ofisala akakhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti mayi adzachirira kuno pa ulendowo, amayamba ndi kuganiza kuti cholinga chake n'kupezera mwana unzika, ndipo ndi udindo wa mayiyo kuonetsa kuti si choncho. Komanso aliyense wofunsira viza ya mlendo amaganiziridwa kuti akufuna kukhazikika mpaka atatsimikizira kuti adzabwerera. Akazi a nzika ambiri amagwera pamenepo. Maiko onsewa akufunsa funso limodzi lomwelo, angosiyana kalembedwe.

Aphiri a ku Leeds

Zikomo nonse. Mayi a Tadala, funso lanu landilasa, ndiwaimbira usiku uno. Koma tiyeni tione viza ya banjayo mwina ndimaiopa chabe. Malipiro anga pa ntchito yatsopanoyi akupitirira £29,000 pang'ono pa chaka. Ntchito yakale inali yochepa ndithu. Kodi sindingafunsire panopa?

Ankolo Jere

Tiwerengere limodzi. Kuyambira pa 11 April 2024 malipiro ochepetsetsa ofunika pa viza ya banja ndi £29,000 pa chaka msonkho usanadulidwe. Kale anali £18,600, ndiye ukamva wina akutchula chiwerengero chimenecho dziwa kuti akukamba za nthawi yake. Njira yosavuta ndi yoti wakhala ndi abwana amodzi miyezi 6 pa malipiro amenewo, n'kupereka ma payslip a miyezi 6, sitetimenti ya ku banki yogwirizana nawo, ndi kalata ya abwana. Ukakhala sunakwanitse miyezi 6 njira ina ilipo, koma imafuna ziwiri: malipiro a panopa afike £29,000, komanso ndalama zonse zimene walandira pa miyezi 12 yapitayi zikaphatikizidwa zifikenso £29,000. Poti wati ntchito yakale inali yochepa, ndikukayika ngati chachiwiricho chingatheke, koma tenga ma payslip onse uphatikize, usangoganizira. Ndalama zosunga zimathandizanso, koma kudalira zokhazo pamafunika £88,500 zokhala mu akaunti miyezi 6, ndipo ambirife tilibe.

Tsono masabata. Lero ali pa 14. Ukadikira miyezi itatu kuti ukwanitse 6, adzakhala pa 27. Yankho la viza ya banja yofunsira kunja amati limatuluka mkati mwa masabata 12. Zikatero ali pa 39, ndege palibe. Kumene kuli njira yachangu yolipira mwapadera amati masiku 30 ogwira ntchito, amene ndi masabata 6, kufika pa 33. Zikhoza kutheka koma mpata wake ndi wochepa zedi, ndipo pepala limodzi likasowa basi zaphonyeka.

Ubwino wake viza imeneyi ikatuluka ndi ya miyezi 33, ndipo mumakhala mutalipira Immigration Health Surcharge, ndalama yolipiriratu chithandizo cha zipatala za boma, £1,035 pa chaka, ndiye chithandizo cha uchembere sichibweranso ndi bilu. Fomu yokha mu 2025 inali £1,938. Onani mitengo ya lero pa gov.uk chifukwa imakwera kawirikawiri. Pamwamba pa izo pali mayeso a Chingelezi a mulingo woyambira wotchedwa A1 ndi umboni wa nyumba yokwanira banja.

Mzamba wa ku Midlands

Ankolo aiwala za TB. Viza yopitirira miyezi 6 imafuna satifiketi ya TB ngati munthu akukhala m'dziko limene lili pa mndandanda, ndipo Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa onse alipo. Kuyezako ndi kwa X-ray ya pachifuwa ku chipatala chovomerezeka ndi Home Office. Mayi woyembekezera amapatsidwa mwayi wosankha: X-ray yokhala ndi chotchinga pamimba, kuyezetsa makhololo, kapena kudikira mpaka achire. Makhololo zotsatira zake zimatenga masabata angapo, ndiye muwawerengere. Viza ya mlendo ya miyezi 6 siifuna zimenezi.

Za ndege. Makampani ambiri amalola mpaka masabata 36 ngati mwana ndi mmodzi, 32 ngati ndi mapasa, ndipo kupitirira 28 amafuna kalata ya dokotala kapena mzamba yonena tsiku loyembekezera kuchira ndi kuti palibe vuto. Kampani iliyonse ili ndi malire ake, funsani musanagule tikiti, ndipo muwerengere tsiku lobwerera, osati lobwera lokha. Nthawi imene amayi ambiri amayenda bwino ndi yapakati, nseru itatha koma thupi lisanalemere. Ulendo wopitirira maola anayi umakweza chiopsezo cha magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo mimba imachikwezanso. Azimwa madzi, aziimirira n'kuyendayenda m'ndegemo, avale masokosi othina aja a kuchipatala. Koma choyamba akambe ndi amene akuwaona ku sikelo. Ngati pali kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi kapena vuto la nsengwa, ulendo uiwalike kaye.

Chisomo

Nanga si pali njira yobwera ngati mlendo wodzalandira chithandizo cholipira? Ndinamvapo zimenezo.

Nangozo

Ilipo, a Chisomo, ndipo ndi ya chilungamo chifukwa umanena poyera chimene wabwerera. Imafuna kalata ya dokotala yofotokoza chithandizocho, kumene chidzachitikire, nthawi yake ndi mtengo wake, komanso umboni woti ndalamazo muli nazo. Koma kuchira kolipira kuno ndi kodula kwambiri, ndipo ofisala adzafunabe kukhutira kuti mayi adzabwerera. Kwa munthu amene akusonkhanitsa ndalama za viza ya banja, sindikuona kuti ndi nzeru kuthera zonse pamenepo.

Aphiri, ndikanakhala mlongo wanu ndikanati chitani chonchi. Ngati mukufunitsitsa kuonana, funsirani viza ya mlendo ya ulendo waufupi weniweni, panopa, mimba ikadali yaing'ono. Fomu imaloledwa miyezi itatu ulendo usanafike ndipo yankho amati limatuluka mkati mwa masabata atatu chiperekereni zidindo za zala. Mu 2025 inali £127. Mulembe kalata yonena zonse: ndine mwamuna wake, ndi woyembekezera, tsiku lochira ndi lakuti, akubwera masabata anayi, abwerera mimba ili pa masabata akuti, akachirira ku chipatala chakuti kumene akuchitira sikelo, ndipo viza ya banja tidzafunsira ali kwawo ndikakwanitsa miyezi 6 pa ntchito. Muikepo kalata ya ku sikelo, kalata ya tchuthi ya kuntchito kwawo ngati akugwira, masitetimenti a ku banki a nonse awiri, ndi pepala la nyumba imene mukukhala. Ndalama yaikulu yongolowa mu akaunti mwadzidzidzi popanda kufotokoza kumene yachokera imakayikitsa, musachite zobwereka kuti akaunti ioneke yonenepa. Akhoza kukanabe, palibe angakulonjezeni. Koma kukanidwa utanena zoona sikuipitsa dzina lako ngati kugwidwa bodza.

Mzamba wa ku Midlands

Ndipo akabwera, inshuwaransi ya ulendo muiwerenge mzere ndi mzere. Zambiri sizilipira kuchira kwa nthawi yake, zina zimasiya kuphimba mimba ikafika masabata enaake. Funsani mwachindunji ngati ikuphimba kubereka masiku asanakwane. Ndaonapo amayi amene anabwera kudzacheza ali bwinobwino matenda n'kuwayamba mimba ili pa miyezi 6. Palibe amene amakonzekera zimenezo. Muwerengerenso sikani yaikulu ya pa masabata 20 kuti isawadutse ali pa ulendo.

Kondwani

Chabwino, za zaka 10 ndi za ngongolezo sindimadziwa kuti zimafika pamenepo. Koma zimawawa abale. Munthu ndi nzika, akugwira ntchito, akudula msonkho, koma mwana wake woyamba abadwe iye ali kutali chifukwa cha miyezi itatu ya ma payslip.

Mayi a Tadala

Zimawawa zedi achimwene, ndipo palibe pano amene akunena kuti malamulowa ndi okoma. Koma kutali si kokakamiza. Bambo a Tadala anasunga masiku awo onse a tchuthi, anaphatikiza ndi tchuthi cha abambo, n'kubwera kwathu nthawi itayandikira. Analipo. Ndege imene mayi wa masabata 37 sangakwere, bambo amakwera popanda kalata ya dokotala. Mapepala a pasipoti ya mwana tinayamba limodzi asanabwerere, ndipo viza yanga ya banja tinafunsira mwana atabadwa, X-ray ya TB ndinajambulitsa popanda nkhawa.

Ankolo Jere

Mphwanga, chimodzi chomaliza kwa ine. Ukafuna wokuthandiza kulemba, pita kwa loya kapena mlangizi wolembetsedwa mwalamulo kuno ku UK, ndipo umufunse nambala yake ya kaundula. Anthu a pa WhatsApp olonjeza kuti viza ituluka ndithu uwapewe. Iwo akalemba bodza pa fomu, dzina limene lili pamwamba ndi la mkazi wako.

Aphiri a ku Leeds

Abale, ndabweranso. Tinakambirana usiku mpaka mochedwa. Mayi a Tadala munanena zoona: iwo akufuna kuchirira kwawo pafupi ndi amayi awo, amangoopa kundiuza poona mmene ndinalimbikirira. Chimene akufuna kwa ine n'choti ndidzakhalepo tsikulo. Ulendo waufupi wobwera kuno akuufunabe kuti adzaone nyumba ndi malo amene adzakhale, ndiye mawa akupita ku sikelo kukafunsa ngati angayende komanso kukatenga kalata. Akaloledwa tifunsira masabata anayi, ndipo za mimba tilemba zonse monga mwanenera a Nangozo. Ma payslip ndaphatikiza, a miyezi 12 sakufika £29,000, choncho viza ya banja idikira. Lolemba ndikaonana ndi abwana za tchuthi.

Ankolo Jere, satifiketi yanga ya unzika ili ndi dzina lapakati limene pa satifiketi ya ukwati palibe. Kodi zimenezi ndizikonze panopa, kapena zidikire nthawi ya pasipoti ya mwana?

Ankolo Jere

Konza panopa, usadikire. Maina akasiyana pa mapepala amafunsa chifukwa chake, ndipo kufotokoza uli ndi khanda m'manja ndiponso tikiti yobwerera ili pafupi n'kovuta. Yamba ndi ofesi imene inapereka satifiketi ya ukwatiyo, ufunse ngati angaikonze kapena kukupatsa kalata yotsimikizira kuti munthuyo ndi mmodzi. Alamu akhoza kukafunsa sabata yomweyi akamachokera ku sikelo.